Mtanda wa NyaManda ndi Makina a George

Lolemba, 29 Julayi

George wandichotsa pa benchi langa. Mwana wobereka ndekha. Wafika Lachisanu kuchokera ku Joni, Loweruka kugona tsiku lonse, dzulo kutchalitchi, lero m'mawa ndikupeza matchizulo anga ali m'beseni pansi, pa benchi pali makina ake. Osapempha. Benchi limeneli ndinalikhoma iye asanamere mano.

Akuti chisakasa changa ndicho chokha chopita mphepo yochotsa utsi. Ndiye utsi wake ukhale pamwamba, ine pansi.

Makinawo ndi zitsulo zinayi zolumikizana ngati felemu la windo, pakati kamutu koyenda uku ndi uku. Kamalavula kuwala kwabuluu, kowonda ngati singano, n'kumawotcha thabwa. Kulemba, kujambula, kudula. Dzina lake akuti leza. Dzina lalikulu pa kanthu kokwana m'katoni. Amakalamula pa laputopu. Nthambo ya magetsi waikoka kuchokera kunyumba kwa mlongo wake Eunice, yadutsa m'chinangwa changa.

Sakubisa chimene wawabweretsera. Pa 24 Ogasiti tikuvundukula chiliza cha mayi awo, NyaManda, mkazi wanga. Iye akufuna tailosi yakuda, dzina ndi nkhope zolembedwa ndi makina. "Ada, Ama akuyenera chinthu chooneka." Ngati kuti manja anga amatulutsa zosaoneka.

Mtanda ulipo kale. Wa muwanga, mtengo umene chiswe chimathyokerapo mano. Ndinausema chilimwe chatha, uli kuseri kwa chitseko m'chiguduli. Kwatsala dzina lokha. Ndinamuuza NyaManda ali chigonere kuti dzina lake ndidzalemba ine ndi tchizulo. Anaseka, anati, "Mizere idzakhale yowongoka, Ada Longwe, ndidzakhala ndikuona." Malembo ndinaphunzira kwa iye. Kusukulu sindinapondeko. Anandiphunzitsa pa dothi kuseri kwa nyumba ndi m'Buku Lopatulika lake la Chichewa, ndili ndi ndevu kale, kuti ndizitha kulemba maina a alendo pa timatabwa ta makiyi. N'chifukwa chake pakamwa Chitonga, pa pepala Chichewa.

Dzina limenelo silipita pansi pa makina.

Msana ukuwawa. Simenti yakweranso. Mbuzi ya mwambo sinapezeke.

Lachitatu, 31 Julayi

Ndikusemera panja, pa chitsa, ngati mlendo. Mvuu ziwiri, kupala ndi sandipepala. Mwera ukuthira fumbi m'polishi.

George wayamba ntchito ya ku loji kumene Eunice amaphika. Timatabwa toikapo makapu, pa kalikonse nkhwazi. Tiyi wanga asanazizire anali atatulutsa mulu. Zoyera, sindinama. Koma zonse nkhope imodzi ngati usipa pa thandala. Nkhwazi yopanda tsiku loipa.

Anthu kudzaza pakhomo. Amayi ochokera ku mjigo kutula zidebe kuti aone. Kenako Killion, mnzanga wa pa msewu wopita ku gombe, amene tagulitsa naye ziboliboli kuyambira tili ndi tsitsi lakuda. Anazungulira makinawo manja kumbuyo, anati, "Ada Longwe, mkamwini ameneyu sadya, sagona, sapempha fodya. Mulandireni." Anthu kuseka. Ine ayi.

George anandipatsa magalasi obiriwira. Akuti popanda amenewo munthu asayandikire. Ndinavala. Zonse kusanduka ngati uli pansi pa chithaphwi cha ndere. Mtsempha wa thabwa osaoneka, pamene kuwala kukudya osaoneka bwino. Ndinamubwezera. Wosema amayang'ana pamene chitsulo chikudya, osati kwina. Amalume amene anandiphunzitsa ankandiwomba khofi la pakhosi diso likangochoka pa nsonga ya tchizulo. Zala ndikadali nazo zonse chifukwa cha makofi amenewo.

"Ndiye musayang'ane n'komwe, Ada." Kulamula bambo ake m'chisakasa chawo.

Akuti pa kamutuko panali kachishango kofiira kotchinga kuwala. Kanasweka m'basi. Anakataya.

Diso lamanzere lili ndi ng'ala, limeneli ndinalisiya kale. Lamanja limaona nyerere ili pa mtengo wa mango. Sindilitsekera m'botolo la mowa.

Lachisanu, 2 Ogasiti

Ndinamuuza George kuti pulayiwudi si mtengo, ndi mapepala omata. Makina amene amadya phala lokhalokha asadzitame mano. Anaseka, anati, "Bweretsani chilichonse, Ada. Mukawagonjetsa, za tailosi ndizisiya." Eunice analipo, Killion analipo. Iye mwina ankacheza. Ine ndamva lumbiro.

Ndinayamba ndi chikho. Chozungulira, choterera. Anachitchinjiriza ndi miyala kuti chisagubuduke. Pakati panatuluka nsomba yabwino, m'mbali mchira kufufutika chifukwa chikho chapendekera kutali ndi kamutu. Ndinati walephera. Anati wangolemba chachikulu kwambiri. Anachepetsa nsomba, inatuluka yonse. Chabwino.

Nsungwi. Kulemba kofiirira, kosalala, fungo ngati chimanga chootcha. Ndinapita kukafuna china.

Chikopa cha mbuzi. Apa ndiye kununkha. Agalu a mudzi wonse pakhomo, michira m'mwamba. Mkazi wa Lackson, woyandikana naye nyumba, kuchokera kuseri kwa mpanda: "Mwapha mbuzi ya chiliza osatiuza?" Koma dzina la loji linakhala pa chikopa ngati linabadwira pomwepo.

Makoko ouma a nthochi, aja timamata pa makadi. Kuwala kungokhudza, moto lawi. George kulumpha, kumenya ndi chiguduli chonyowa, laputopu kukhwapa. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Kuseka koyamba chiikireni maliro. Ndinati basi, nkhani yatha. Iye akuti sizikuwerengedwa, anaika mphamvu yambiri. Anachepetsa, anathamangitsa kamutu. Panatuluka bwato ndi munthu wopalasa, makoko osapsa.

Chilichonse ali ndi yankho. Anatengera mayi ake.

Madzulo mutu kuwawa ndi utsi. Mvuu sizinathe.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Alengeza m'tchalitchi za pa 24. Amayi a Umanyano, gulu la kutchalitchi limene NyaManda analimo, adzaimba. Akwawo kwa NyaManda a ku Tukombo adzabwera onse, ndi mng'ono wanga wa ku Usisya ngati sitima iyenda. Anthu onsewo adzadya chiyani. Chinangwa chaviikidwa, koma ndiwo.

Magetsi anathima masana onse. Chisakasa zii. George kungokhala pakhonde kukanda foni ngati nkhuku yonyowa. Ndinakondwa.

Ndinatulutsa mtanda. Kuupukuta. Kulemba ndi choko, FANNY NYAMANDA LONGWE. Kuyang'ana. Kufufuta. Kulembanso. Tchizulo m'manja, hamala m'manja. Sindinamenye. Ndinali ndisanadye, basi. Komanso ndi Sabata.

Killion anandipeza ndikuubweza m'chiguduli. Anati, "Mtanda wagona chaka kuseri kwa chitseko, makina afika dzana. Mukulimbana ndi makina chifukwa mukuopa thabwa." Ndinamuuza kuti apite akalangize mbuzi zake. Anakhala, anamwa tiyi wanga, anapita.

Sindiopa thabwa. Kungoti dzina likalowa mu muwanga silitulukanso.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Thabwa la mtengo wa mpira: adula ngati akudula buledi. Chigoba cha nkhono: kulemba koyera, kofooka, koma kuwerengeka. Chitenje chakale: anaboola maluwa, m'mphepete osasosoka.

Botolo. Apa ndinaganiza ndamupeza. Kuwala kungodutsa ngati palibe kanthu, n'kukawotcha thabwa la pansi. George anatenga utoto wakuda, kupaka botolo, kudikira liume, kulemba, kutsuka. Malembo oyera pa galasi. Ndinati kumeneko ndi kubera. Anati, "Inu simupaka polishi, Ada?" Mwano.

Chidutswa cha paipi ya madzi anakana kuika. Akuti utsi wake ndi poizoni, umadya mapapu ndi makina omwe. Ndinati ndiye alephera. Eunice anaweruza kuti kukana si kulephera. Eunice ali mbali ya mlongo wake, n'zoonekeratu. Ku loji aitanitsa manambala a pa zitseko ndi zikwangwani za kuchimbudzi, zonse kwa George. Za mvuu zanga bwana sanafunse. Eunice akuti, "Pumulani, Ada, mwagwira kokwana." Bola munthu akutukwane.

Koma ndaona kanthu. Ndinatola chivundikiro cha poto watsopano wa Eunice, chija chowala ngati kalilole, ndikuti ndiike. George anachilanda m'manja mwanga. Osaseka. "Chonyezimira ayi, Ada. Ayi ndithu." Nkhope kusintha. Pa zina zonse amaseka.

Pamenepo ndiye pali chilonda chake. Munthu amabisa mwendo umene ukutsimphina.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Tsiku loipa.

Mwala wakuda wa kunyanja, ndinabweretsa ndekha. Makina analemba moyera, bwino kuposa pa thabwa. Ndadzikumbira ndekha. George anati tailosi imatero momwemo, ndipo anatulutsa chidutswa cha tailosi yakuda kuti ayese. Sanandiuze chimene akuika.

Kamutu kuyenda, kubwerera, kuyenda, kubwerera. Nthawi yaitali. Poyamba duku loyera. Kenako chipumi. Kenako maso.

NyaManda. Chithunzi chija cha yunifolomu ya Umanyano. Ngakhale kachipsera ka pa chibwano. Eunice analira, anagwira George paphewa. Amayi a ku mjigo kuitanana.

Ine ndinatuluka. Ndinakakhala m'chinangwa mpaka njala.

Ndi iyeyo, sindikana. Koma kanthu kamene sikanamumvepo akutsokomola usiku, sikanadyepo chakudya chake chopserera, kamutulutsa nkhope tiyi asanazizire kawiri. Ine dzina lokha chaka chathunthu. Ndiye anthu a ku Tukombo adzati chiyani akadzaona thabwa pambali pa nkhope imeneyo.

George anandilondola. "Tikhoza kuika zonse ziwiri, Ada." Ayi. Pa mutu wa manda pamakhala chinthu chimodzi. Chachiwiri ndi chomvera chisoni.

Chidutswacho ndachitembenuza chafufumimba pa shelefu. Wina wachitembenuzanso.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndawagonjetsa.

George anapita ku Chintheche kukapereka manambala a zitseko. Eunice ku ntchito. Makina anawasiya oyaka. Pali kabatani kamene ukakadina amabwereza ntchito yomaliza, ndakhala ndikuona. Osapita kusukulu si kupanda maso.

Ndinatenga chivundikiro chija, kuchiika pakati, kudina. Kamutu kuyamba ulendo wake. Utsi palibe. Fungo palibe. Ndinawerama kuti ndione pamene kuwala kukudya, ngati kukudya n'komwe. Kamutu katafika pamene chivundikiro chimapindika, ng'ani. Mphezi yopanda bingu, m'diso mwenimweni. Ndinakhala pansi. Ndinazimitsa pa khoma.

Chivundikiro chili mbee. Timizere tosaoneka n'komwe, ukapukuta ndi malaya palibe. Alephera. Tailosi yagwa.

Kadontho m'diso ngati munthu wayang'ana dzuwa. Kachoka pofika mawa. Chivundikiro ndabweza pa poto.

Lolemba, 12 Ogasiti

Sikanachoke.

Kali pakati penipeni pa diso lamanja, ngati nyemba. Kumene ndayang'ana, iko kali komweko. Eunice akabwera ndikuona duku, makutu, mapewa. Mphuno ndi pakamwa palibe. Kulemba kuno ndikuchita kupendeka mutu ngati nkhuku yoona kabawi, malembo akuluakulu. Pepala likutha msanga.

Sindinauze munthu. Ndasamba m'maso ndi madzi ofunda a mchere.

George sindinamuuze za chivundikiro. Ndikamuuza afunsa kuti munayesa liti, munavala chiyani. Kupambana kumene sungakutchule. Ngati kupha nsomba yaikulu Lamulungu.

Iye ali kalikiliki ndi zikwangwani. Akuimba nyimbo za ku Joni. Akanataya makina ake m'malo motaya kachishango, bwenzi zonsezi kulibe. Munthu amabweretsa bwanji chinthu cholumala m'nyumba ya bambo ake.

Mbuzi yapezeka ku Mpamba. Yowonda.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndayamba mtanda. Kudikira kwakwana, diso lisanaganize zina.

Kuseri kwa nyumba, kumene sandiona. Choko ndinalemba mopendeka mutu. F anatuluka, dzanja limamudziwa. Pa A ndinaika tchizulo pamene ndimaona mzere, kumenya, kenako kupendeka kuti ndione. Tchizulo chadya pambali, kutali ndi choko ngati chala chathunthu. Ndinayesa kukonza. Chinadya kwinanso. Nsonga ya tchizulo ndi imene ikubisika, pamene pomwe ndiyenera kuyang'ana. Zina zonse ndikuona, nkhuku, mpanda, mitambo.

A ngati khola logwa.

Ndapala nkhope yonse ya mtanda ndi pulena mpaka mabala atha. Muwanga kulimba. Mapewa akuyaka. Thabwa lapyapyala.

Mizere yowongoka, Ada Longwe.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Adziwa.

Lachitatu ndinathira tiyi pambali pa kapu, pa tebulo, Eunice akuona. Ndinati dzanja. Anaimika zala patsogolo panga, anati ndiwerenge. Ndinamuuza kuti sindine mwana wa sukulu ya mkaka. Anapita kukhitchini, anabwera ndi chivundikiro, anachipendeketsa pa dzuwa. Akuti timizere tikuoneka, nambala ya chitseko cha loji. Mwana ameneyu akanakhala wapolisi.

Dzulo minibasi, chipatala cha ku boma. Mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Dokotala wa maso mtsikana, wa Chichewa cha ku Lilongwe, waulemu. Anathira mankhwala, anaunika. Akuti kuseri kwa diso kwapsa kadontho, ngati pa thabwa. Mwina kachepa pakapita miyezi, mwina ayi. Mankhwala ake palibe. Ng'ala ya kumanzere akhoza kuichotsa, koma madokotala ake abwera mwezi wa mawa kapena winawo. Ndinamuuza za pa 24. Anati, "Pepani agogo, diso silidziwa kalendala."

Anafunsa ngati magalasi analipo. Ndinati analipo a mtundu wolakwika.

George anandiperekeza. Titafika anangolowa m'chisakasa, kumasula zitsulo, kulongedza m'katoni, kukulunga nthambo kuchokera m'chinangwa. Ndinaima pakhomo. Ndimadikira akalipe kuti nanenso ndikalipe. Anangoti, "Ndinabwera kudzamanga manda a Ama, ndachititsa khungu Ada." Anakweza katoni pa njinga ya kabaza, wapita kwa mnzake Amosi ku Chintheche. Akuti awagulitsa. Sanabwere kudzagona.

Matchizulo anawabweza pa benchi, mwa dongosolo lake, laling'ono mpaka lalikulu. Sindinadziwe kuti amadziwa dongosolo lake.

Benchi ndi langa tsopano.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Kutchalitchi sindinapite. Anthu opanda nkhope kundifunsa za diso, ayi.

Killion anabwera atatuluka. Sanaseke, chimene chinandipweteka. Kenako anati, "Safunsa anadya phula, koma inu munafunsa, munauzidwa, n'kudyabe." Apo ndiye ndinamuzindikira.

Akuti alembe iye dzinalo, anthu sadzadziwa. Malembo a Killion amatsamirana ngati anthu ochokera ku mowa. Ndinamuuza. Komanso amene ayenera kudziwa adzadziwa. Sindinalonjeze kuti dzina lidzalembedwa. Ndinalonjeza kuti ndidzalemba.

Anaugwira mtanda, kuuyeza ndi zala pamene mikono yalumikizana. Akuti ukapalidwanso kamodzi udzathyoka pa mphepo yoyamba. Ndikudziwa. Ndinausema ine.

Ndayesa pa zidutswa tsiku lonse. Kupendeka kumanja, kupendeka kumanzere, kutseka diso ili, kutseka linalo. Choko ndikuchiona ndikayang'ana kumbali. Ndikabweza diso pa tchizulo chathawa. Chala chamanthu ndachicheka, koyamba chiyambireni.

Kutopa kosatha ndi tulo.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Omanga amaliza chiliza. Asiya dzenje pa mutu. Akufunsa kuti muikamo chiyani, mtanda kapena tailosi, kuti adziwe simenti yotsala. Ndinati mawa.

A ku Tukombo ayamba kufika. Mlamu wanga wamkulu, mchemwali wa NyaManda, kundigwira dzanja nthawi yaitali. "Mtanda uja watha, alamu? Ankaunena." Ndinati watsala pang'ono. Ankaunena kwa ndani, liti. Sindinafunse.

Eunice akuti George waimba foni. Tailosi akagula ku Mzuzu yolembedwa ndi anthu ena, dzina lokha, popanda nkhope. Iye makina sawakhudzanso. Wogula wapezeka, wa ku Nkhata Bay, abwera Lachisanu. Ine sanapemphe kulankhula nane.

Ndiye dzina la NyaManda lilembedwe ndi mlendo wa ku Mzuzu amene akudya chipisi uku akulemba. Ine ayi, mwana wake ayi.

Mtanda uli pa benchi, nkhope yosalala, yopanda kanthu. Sindinaubweze m'chiguduli.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Eunice popita ku ntchito anandisiyira makiyi, kuti alendo akafuna ufa ndiwatsegulire. Makiyi atatu pa timatabwa ta George, tija anamupangira sabata yoyamba. Ndinaima pa chitseko, kupendeka mutu, osaona kuti ndi ati. Chala chinayenda chokha pa kathabwa. S. T. O. Sitolo. Chala chawerenga, diso lili pa denga.

Ndinakhala pansi pomwepo. Pamene kuwala kwadutsa pamatsala kangalande, kakang'ono, koma chikhadabo chimalowamo. Ndinatenga tchizulo chaching'ono, kuika nsonga m'kangalande ka S, kutsinzina maso onse awiri. Chinatsata ngati madzi m'ngalande ya dimba. Kukhota pamene pakhota. S wakuya, woyera, wa tchizulo. Kathabwa ka Eunice ndakaboola, akalipa, zilibe kanthu.

Choko ndi cha maso. Ichi ndi choko cha zala. Basi. Munthu akakulembera choko sanakusemere. Kuya kwake, kupendeka kwa mpeni, michira ya malembo, zonsezo ndi dzanja, ndipo dzanja lilipo. Makina alembe kamzere kowonda kokha, kamodzi, osazamitsa. Pomaliza sipadzatsala ngakhale pamodzi pamene moto wawo unadutsa, ndidzadya ponse ndi chitsulo.

Sindinagonje. Ndapeza ntchito imene akuitha.

Ndinatuma Eunice aimbe atabwera. Ndinamva mawu ake pa foni, patali. Akuti sayatsanso chinthu chimenecho pafupi ndi Ada ngakhale amulipire. Eunice anati ndilankhule ndekha. Sindipempha mwana wanga pa foni ya mwana wanga wina.

Malembo ndi ambiri, muwanga ndi wolimba, thabwa ndi limodzi. Lachinayi ndi Lachisanu basi. Wogula uja adikire, kapena apite.

Poyatsa ndikakhala kuseri kwa nyumba, nkhope ku chinangwa, Killion akhale mboni. Magalasi avale yekha. Ndalola mpaka pamenepo, kupitirira apo ayi.

Kulira kwake ku Chintheche sikundilembera dzina. Diso anandithera ndi makina ake olumala, ndiye awabweretse andionetse njira. George akwere minibasi yoyamba mawa ndi katoni yake. Asatume Amosi, asatume mawu. Abwere yekha, anyamule mtanda wa mayi ake ndi manja ake awiri, auike pa benchi langa, andiitane akamaliza.